Funsani Dokotala: Khutu latseka mwadzidzidzi, kodi magazi angaonetse chavuta?

Funso: Adokotala, ndine msodzi wa ku Senga Bay kuno ku Salima. Masiku anayi apitawo ndinadzuka khutu lakumanzere litatseka, likungolira ngati mwalowa nyenje. Ndikaika foni mbali imeneyo sindimva kanthu. Silikupweteka, mafinya palibe. Mayi a kunyumba akuti ndi madzi a m'nyanja, akufuna andithiremo mafuta ophikira. Kodi nditakayezetsa magazi angapeze chavuta?

Yankho: Bambo, mafutawo ayambe adikira. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi masiku anayi amene apita kale.

Yesani izi pompano: tsekani pakamwa muchite "mmm". Mawuwo akamveka kwambiri m'khutu lotsekalo, mwina ndi litsiro kapena madzi, zosavuta kuchiza. Koma akathawira kukhutu labwinolo, vuto likhoza kukhala m'kati mwenimweni, m'kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono kamene kamatumiza mawu ku ubongo. Kugontha kotere kumabwera m'maola 72 kapena kucheperapo, kawirikawiri khutu limodzi, ndipo mwa anthu 10 alionse, pafupifupi 9 choyambitsa sichipezeka. Mankhwala ake, monga prednisolone, amathandiza kwambiri akayambidwa m'masabata awiri oyambirira. Ena amachira okha, inde, koma palibe angadziwiretu kuti inu muli m'gulu limenelo.

Tsono za magazi. Kuyeza magazi pakokha sikungatsimikize matendawa. Chotsimikiza ndi makina oyezera kamvedwe, aja amakuvekani zomvera m'makutu n'kumaliza timawu, inu n'kumakweza dzanja mukamva. Akatswiri a kafukufuku akuyesa kupeza zizindikiro m'magazi. Ena amayerekeza kuchuluka kwa mitundu iwiri ya asilikali a m'thupi, ma neutrophil ndi ma lymphocyte, pofuna kuona ngati m'thupi muli kutupa. Ena amayeza fibrinogen, puloteni yothandiza magazi kuundana, yomwe ikachuluka magazi amalemera n'kumayenda movutikira m'timitsempha ta khutu. Palinso prestin, puloteni ya m'kachiwalo kaja, imene akuganiza kuti imatayikira m'magazi khutu likavulala. Zonsezi zikadali pa kafukufuku, ndipo ine sindingamuuze munthu kuti adikire zotsatira zake asanayambe mankhwala.

Komabe magazi ali ndi ntchito yake. Shuga ayezedwe musanayambe prednisolone komanso muli pa mankhwalawo, chifukwa amakweza shuga, ndipo ambiri amayenda ndi matenda a shuga osadziwa. Ndikadakondanso mutayezetsa chindoko ndi HIV. Musachite manyazi, bambo: chindoko chimatha kugonthetsa munthu, koma chimachizika ndi jakisoni wa penicillin.

Mukakumbukirenso mankhwala amene mwalandira posachedwa. Kwinini wa malungo amaliza makutu, pomwe majakisoni a gentamicin ndi streptomycin amatha kuwononga khutu mpaka kalekale. Tengani buku lanu la kuchipatala, adokotala akaone okha.

Mawa m'mawa musalowe m'nyanja. Pitani ku chipatala cha boma cha Salima, mukanene momveka kuti khutu linasiya kumva mwadzidzidzi, tsiku lake ndi ili. Akayang'ana m'khutu osapezamo litsiro kapena mafinya, pemphani kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli oona za makutu, mphuno ndi mmero. Koma mukaona chizungulire champhamvu, kukamwa kukupotoka, lilime kulemera kapena dzanja kufooka, musadikire kuche. Zimenezo zikhoza kukhala sitiroko, nyamukani usiku womwewo.