Musachotse malo oimika magalimoto pa pulani ya khotilo

Achimwene, ndikuyankha za pulani ya khoti latsopano limene mukufuna kumanga. Mukangochotsamo malo oimika magalimoto kuti ndalama zomangira khotilo zikwane, mudzaliritsa anthu ngati mmene ndinalirira ine. Ndikulemba pano mtima ukuwawabe.

Unali mlandu wa ngongole, wosuma ndinali ineyo, nditadikira miyezi yambirimbiri kuti tsiku lifike. Samani inati 9 koloko m'mawa. M'tauni ndinalowa nthawi ikadalipo, koma pageti mlonda anangondibweza ndi dzanja, ati mkatimo ndi mwa oweruza ndi ogwira ntchito basi. Ndinazungulira chinyumbacho kanayi. Kanayi! Kumbuyo ndanyamula mboni yanga, mayi wachikulire wovutika miyendo, akungondifunsa kuti kodi sitinafike. Pomaliza ndinakaimika kutali, tinabwerera wapansi pang'onopang'ono, ine thukuta kamukamu nditawagwira mkono, n'kupezanso mzere wosechedwa pakhomo wafika mpaka panja. Polowa, mlandu anali ataitana kale, wosuma palibe, authetsa. Wangongole uja tinaphonyana naye pamasitepe akumwetulira. Kalaliki sanadzutse n'komwe mutu, anangoti, "Mukanalawira." Munthu amene galimoto lake lili pamthunzi mkati mwa mpanda, pamalo olembedwa dzina lake, akundiuza ine zolawira! Kubwerera kugalimoto, tayala alimanga ndi loko. Ndinalipira chindapusa, kenako n'kulipiranso kuti mlandu ubwezeretsedwe.

Amene amajambula mapulaniwa amawerenga zipinda zoweruzira, sawerenga anthu. Mlandu umodzi umabwera ndi wosuma, wosumiridwa, maloya, mboni, achibale, ndiye masamani onse n'kulemba ola limodzi lomwelo.

Ndalama zake n'zowawadi, sindikukana. Galimoto limodzi limaima pa mamita 2.5 m'lifupi ndi 5 m'litali, koma mukaphatikiza njira zokhotera limadya masikweya mita 25 mpaka 30. Ndiye kuti hekitala yathunthu ya pakati pa tauni ikungosunga magalimoto osapitirira 400. Mukati mumange malo oimikawo mosanjikiza, mtengo wa malo amodzi ukwera kangapo. Zapansi pa nthaka ndiye zoposa, pali kukumba, kupopa madzi, mafani otulutsa utsi, magetsi usana ndi usiku, ndipo zimenezi muzilipira chaka ndi chaka, osati tsiku lomanga lokha. Komanso khoti si sitolo. Oweruza amafuna khomo lawo, galimoto la akaidi limafuna polowera pake potsekeka, anthu wamba kwawo. Chiphulikire bomba la m'lole yomwe anaimika kutsogolo kwa nyumba ya boma ku Oklahoma City, ku America, mu 1995, n'kupha anthu 168, akatswiri achitetezo safuna magalimoto a anthu osadziwika ayandikire khoma. Mpata wa pakati pa magalimoto ndi khomawo nawonso ndi malo oti mugule.

Koma musapusitsidwe n'kumanga chimalo chachikulu chaulere. Pofika 7 koloko adzakhala atadzaza ogwira ntchito m'masitolo ndi m'maofesi oyandikana nawo, wa samani adzazungulirabe ngati ine. Muzilipiritsa, koma wobwera ndi samani azidinditsa chidindo n'kutuluka osalipira. Pafupi ndi khomo pakhale potsitsira okalamba ndi olumala, mayi aja akanangotsika pamenepo. Ndipo akhoti muwakakamize agawe maola, ena 9, ena 11, ena masana, mwina theka la malo mukulilira ndalamalo silidzafunika n'komwe.

Kunena zoona, tsiku lachiwiri galimoto ndinalisiya kunyumba, tinakwera basi, tinafika ola lathunthu nthawi isanakwane. Ndiye onani kaye kuti siteji ya basi ili pati musanasaine chilichonse. Mlanduwo tsiku limenelo anauimitsanso, ati fayilo sikuoneka.