Kwa amayi a mwana wa chikanga m'masaya

Mayi anzanga, mwati mwana wanu wa miyezi 5 wauma masaya ndi mikono, usiku amadzikhuliza nkhope pa chitenje mpaka kutuluka timadzi, ndipo wina wakulangizani kirimu wa mumsika. Kirimuyo musagule. Makirimu ambiri ochotsa zidzolo msanga, ndiponso oyeretsa khungu, amakhala ndi betamethasone kapena clobetasol, mankhwala amphamvu osayenera nkhope ya khanda. Masiku awiri mwana aoneka bwino, koma khungu limapyapyala, ndipo mukasiya vuto limabwerera mwaukali.

Zimene mwafotokozazo zikufanana ndi chikanga, chimene achipatala amalemba kuti eczema. Sichipatsirana, ndipo sichibwera chifukwa cha uve. Chimayenda m'magazi, makamaka m'mabanja amene muli mphumu kapena chimfine chosatha. Khungu la mwana wotere silisunga chinyezi, ndiye limauma, limayabwa, mwana akanda, khungu ling'ambika, kuyabwa kuwonjezeka. Pa khungu lathu lakuda musadikire kuona kufiira ayi. Pamaoneka potuwa kapena poderapo, nthawi zina timatuza tating'ono ngati tsembwe. Komabe pitani naye kusikelo amuone, chifukwa mphere nayo imasokoneza anthu. Ngati ena m'nyumbamo akukanda usiku, pakati pa zala, kapena mwana ali ndi tizilonda m'manja ndi kumapazi, imeneyo ingakhale mphere, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Chachikulu chimene ndikufuna mugwire ndi mafuta. Osati kungopaka pang'ono pomwe pauma, koma thupi lonse, katatu kapena kanayi patsiku, ngakhale tsiku limene khungu likuoneka losalala. Vaseline woyera wopanda fungo, wa Blue Seal uja, amakwana, ndipo amapezeka ngakhale m'magolosale. Wonunkhira wa ana musiyeni. Emulsifying ointment wa kufamase nayenso ndi wabwino. Aqueous cream ambiri timamukonda, koma ali ndi kasopo kamene kamanyerenyetsa khungu akakhalitsa, ndiye ngati muli naye mungomusambitsira m'malo mwa sopo n'kutsukuluza.

Kasambitsidwe kake: madzi ofunda pang'ono, mphindi zosapitirira 10, opanda sopo wa mankhwala kapena wa fungo, opanda chinkhupule. Mukamutulutsa musamupukute mokhula. Mugunditseni thaulo pang'onopang'ono, ndipo khungu likadali lonyowerako pakani mafuta nthawi yomweyo, mosisita kutsata mmene tsitsi lagonera. Tapani mafutawo ndi supuni yoyera, osati kulowetsa chala m'botolo, kuti musasiyemo tizilombo. Masaya ndi chibwano pakaninso asanayamwe, chifukwa dovu ndi mkaka zimapsereza pamenepo.

Chenjezo limodzi limene ambiri satiuza: zovala ndi zofunda zimene zamwa mafuta amenewa zimagwira moto msanga. Mwezi wa June ndi July tikamaotha mbaula mwana ali pamiyendo, mukhale naye patali. Utsi womwewo umawonjezeranso kuyabwa.

Pamene pakwiya kale, mafuta okha sakwanira. Kuchipatala amapereka hydrocortisone wa 1%, ndipo ameneyu musamuope. Ndaona amayi ambiri akumusunga m'chikwama chifukwa anamva kuti ndi steroid, gulu limodzi ndi mankhwala amphamvu a m'makirimu a mumsika aja, mwana n'kumavutika usiku wonse. Koma ameneyu ndi wofatsa, ndipo mukatsatira masiku amene akuuzani, kawirikawiri ngati sabata imodzi, amathandiza. Muyezo wake ndi chala chanu: kufinya kuchokera kunsonga ya chala cholozera kufika pa mfundo yoyamba kumakwanira malo aakulu ngati zikhatho zanu ziwiri. Pakani pokwiya pokha, dikirani theka la ola, kenako mafuta aja. Pakapola pangatsale mawanga oyererako, amene amafufutika okha m'miyezi ingapo.

Zovala za thonje zikhudze khungu, juzi la ubweya likhale pamwamba. Za kaunjika chapani kaye, ndipo tsukuluzani kawiri. M'mwezi wa October musamufunditse kwambiri, thukuta limayabwitsa. Zikhadabo muwenge.

Pa zakudya, chonde musasiye kuyamwitsa, ndipo inu musayambe kusala mazira, mkaka ndi mtedza pongomva za anthu. Akakwana miyezi 6 muyambitseni phala monga ana onse. Ngati chikangacho n'chachikulu, funsani adokotala musanamupatse nsinjiro kapena dzira. Akadya china n'kutupa milomo, kusanza kapena kubanika, thamangani naye kuchipatala.

Thamanganinso mukaona nkhanambo zachikasu, mafinya, thupi kutentha, kapena timatuza tambiri tofanana totuluka mwadzidzidzi. Timeneti timatha kuchokera kwa munthu wa zilonda za pamlomo, choncho woteroyo asamupsompsone. Pa khungu long'ambika musapake zitsamba, phulusa kapena mafuta ophikira, ngakhale agogo anene mwachikondi chotani.

Pakatha masabata awiri osasintha, pemphani kalata yokaonana ndi a zakhungu pachipatala cha boma lanu. Ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe alikonso. Popita tengani machubu onse amene mwapakapo kale, adokotala aone.