Funsani Malume: ndalama yomweyo koma ikugula zochepa, tigwire poti?

Mwezi uno makalata abwera ambiri, ena pa WhatsApp ena olemba pamanja, ndipo pafupifupi onse akulira chimodzimodzi, kuti ndalama ikulowa yomweyo ya kale koma ukafika nayo ku Down Shops ikuchita manyazi. Ndasankhapo anayi. Maina ndachotsa monga mwa masiku onse, Chipata ndi yaing'ono, tingadziwane.

FUNSO: Malume, ine ndine mphunzitsi ku Katete. Ndili ndi maloni awiri amene amadula pa payslip, zotsala zimatha pa 10. Mwezi watha ndinatenga K2,000 ya kaloba kwa munthu wina m'komboni kuti ndibweze K3,000 pakutha mwezi, ndipo anasunga khadi yanga ya ATM. Manje anzanga kusukulu akuti ndilowe chilimba cha K500 kuti ndiphunzire kusunga. Ndilowe?

YANKHO: Aphunzitsi, musalowe, osati manje. Chilimba sichoipa ayi, amayi athu amanga nacho nyumba, koma chilimba sichibereka, mumangolandira zomwe munaika, pamene kaloba yanu ikubereka usiku ndi usana. Tawerengani nokha. K1,000 pamwamba pa K2,000 ndi 50 pa 100 mwezi umodzi, mukamangoigubuduza chaka chonse ndi 600 pa 100. Lamulo lathu la Money Lenders Act limati chiwongoladzanja chopitirira 48 pa 100 pa CHAKA khoti limachiona ngati chankhanza, ndiye inu mwezi umodzi wokha mwadutsa kale za chaka. K500 imene mukufuna kuika m'chilimba ipite kwa wa kaloba uja mpaka khadi ibwerere m'thumba mwanu, ikabwera tsiku lomwelo musinthe PIN.

Pitani mukakhale naye pansi masana, osati pa tsiku lamalipiro pamene iye ali kale pamzere wa ATM ndi khadi yanu. Muuzeni kuti mubweza zingati mwezi uliwonse, mulembe papepala, pakhale mboni. Ambiri amavomera chifukwa naye akudziwa kuti nkhani ikafika kukhoti ndiye adzafunsidwe za laisensi. Ndipo aja a makampani a maloni amene amakuimbirani foni ndi mau okoma kuti mwakwanitsa kulandira top-up, muziwayankha kuti zikomo muli m'kalasi. Top-up ndi nkhongole yatsopano yovala malaya akale, imangotalikitsa zaka zodulidwa.

Ngati muli pa NAPSA, bungwe losunga penshoni ya ogwira ntchito, kuyambira 2023 munthu amene wasonkha miyezi 60 kapena wafika zaka 45 atha kutapako 20 pa 100 ya zosonkha zake, koma ndi kamodzi kokha, ndipo ndi chakudya cha ukalamba wanu chimene mukudyeratu. Ine ndimati ngati simunatape, chinthu chimodzi chokha choyenera kutapira ndi kupha nkhongole ngati iyi. Tinaona anthu chaka chija akutuluka m'mashopu ndi ma TV akuluakulu pamutu, kenako malaiti anayamba kupita, TV ili pheee pakhoma.

China, tengani kope limodzi la ana, mwezi umodzi wokha muzilemba ngwee iliyonse yotuluka, bando, njinga yokwera popita kumsika, kabetingi ka K10, ka Mosi ka Lachisanu, ndi zija mumatumiza kumudzi mukalandira foni yoti kuno zavuta. Achibale musawataye, koma auzeni chiwerengero chimodzi cha pamwezi ndipo chikatha chatha. Adzakunenani miyezi iwiri, wachitatu azolowera.

FUNSO: Malume ine ndimagulitsa saladi, shuga ndi sopo pa Kapata Market. Katundu akuyenda bwino ndithu, koma ndikapita kukaoda ndalama sikwana kugula zimene ndinagula ulendo watha. Kodi wina akundiloza, kapena mwana amene amandithandiza akundibera?

YANKHO: Amai, mwanayo musiyeni, ndipo kwa sing'anga musapite, wakuba wanu sagwidwa ndi mankhwala. Dzina lake ndi kukwera kwa mitengo. Pakati pa 2021 mitengo m'dziko muno inali kukwera ndi 24.6 pa 100 pachaka, inatsikako, kenako pofika December 2024 inali pa 16.7. Kutanthauza kuti ndalama yogona m'chitenje imaonda yokha popanda woigwira.

Vuto lanu lili apa. Tinene kuti chigubu cha saladi cha malita 20 munaoda K800, mwathira m'timabotolo ndi m'timapulasitiki, mwapeza K900, mtima uli mbee kuti phindu ndi K100, mwagula kapenta ndi tomato wa kunyumba. Mukubwerera ku holoselo mupeza chigubu chija chili K870. Phindu lanu lenileni linali K30, ndiye K70 imene mwadya ndi mpamba, mwadya mbewu. Muzitchula mtengo poyang'ana ndalama imene mudzaodere mawa, osati imene munaodera dzulo. Muziimba foni ku holoselo ngakhale kawiri pa sabata kufunsa mitengo, makasitomala adzadandaula inde koma akapita tebulo lina apeza zomwezo.

Ndalama ya mpamba ikhale payokha, ngakhale pa nambala ina ya mobile money imene a kunyumba saidziwa (ndanena a kunyumba, mwandimva), ndipo isagone masiku ambiri, ikakwana kaodeni. Nthawi ngati ino sopo ndi shuga pa shelefu zimasunga mtengo kuposa pepala. Koma zosaola zokha, amene anadzaza mafiriji ndi nkhuku ndi soseji mu 2024, madzi atachepa ku Kariba malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse, akudziwa zimene ndikunena. Buku la nkhongole lichepe, munthu amene anatenga shuga mu March n'kudzalipira mu June wakubwezerani shuga wochepa ngakhale ndalama ndi yomweyo.

Ngati mumagulitsako kwa anzathu odutsa pa Mwami, kwacha ya Malawi musagone nayo. Mu November 2023 inagwetsedwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, amene anali nayo m'chikwama anadzuka ali ndi mapepala ochuluka ogula zochepa.

FUNSO: Malume, kuno ku Chadiza Mulungu watikomera mtima, ndapata matumba 60 a chimanga. Ogula afika kale ndi masikelo awo, ndalama ili m'manja. Akazi anga akuti tisagulitse, ine ndikuti ndalama ikufunika. Tiweruzeni.

YANKHO: Atate, mlandu uwu amai apambana, koma osati wonse.

Tiyambe ndi kukumbuka. Nyengo ya 2023/2024 mvula inadula pakati chimanga chili pofuna kumasula, pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, ndipo thumba la ufa wa bulekifasi la 25 kg linadutsa K300. Amene analira kwambiri chaka chija si amene sanalime okha ayi, ena anali alimi abwino amene chaka cham'mbuyo anagulitsa nkhokwe yonse mu May pamtengo wa chisoni, kenako January akugula chimanga chomwecho pa meda, kwa munthu yemweyo amene anamugulitsa. Ndiye musanatsegule thumba ngakhale limodzi, khalani ndi amai muwerenge kuti nyumba yanu imadya matumba angati pamwezi, iwo ndiwo akudziwa osati inu, muchulukitse mpaka April wa chaka chamawa, muonjezepo ena a maliro, a alendo ndi a aganyu opalira, chifukwa mu December munthu waganyu amakonda kulipidwa chimanga kuposa ndalama. Amenewo si ogulitsa, ngakhale wogula abwere ndi galimoto yonyezimira bwanji.

Otsalawo musagulitse tsiku limodzi. Aja a masikelo amabwera msanga dala, akudziwa kuti nthawi yokolola aliyense ali ndi chimanga ndipo aliyense alibe ndalama, mtengo umakhala pansi. FRA, bungwe la boma logula chimanga, inagula thumba la 50 kg pa K280 mu 2023, K330 mu 2024, K340 mu 2025, ndiye muziyerekeza ndi zimene akukupatsani pakhomo, kuchotsapo thiransipoti yopita ku depoti ndi matumba. Kungoti FRA imafuna chouma bwino ndi chopeta, ndipo ndalama yake simulandira pompo ngati ya wa sikelo, mumadikira. Ngati pali chofunika lero lero, yunifomu, mankhwala, gulitsani matumba ochepa okwanira chimenecho basi. Ndipo sikelo muziyamba mwaiyesa ndi chinthu chimene mukudziwa kulemera kwake, ngakhale paketi ya shuga ya 2 kg yosatsegula, muone ngati wogulayo sasintha nkhope.

Kusunga nako kuli ndi mtengo wake, apa ndi pamene amai ayenera kumva. Chimanga chosauma chimachita nkhungu, chosathira mankhwala anankafumbwe amachisandutsa ufa pofika October. Muumitse mpaka njere izilira mukailuma, muthire mankhwala a fumbi aja mwa muyeso wake kapena mugule matumba a PICS osalowa mpweya, musanjike pa mitengo osati pa simenti, kutali ndi khoma. Mukalephera izi bola kugulitsa.

Ndalama ikabwera isagone m'nyumba, ndalama ya chimanga ili ndi miyendo, imadziwa njira ya ku bala ndi ya kwa achibale amene simunawaone zaka zitatu. Sabata yomweyo gulani fataleza ndi mbewu, chifukwa fataleza amayendera dola ndi mitengo ya kunja, ndipo ya FISP yokha, ija yotsika mtengo ya boma, sikwana munda umene watulutsa matumba 60. Zikatsalako gulani mbuzi ziwiri zazikazi. Mbuzi ndiyo banki ya kumudzi, imabereka, imapirira chilala, ndipo simungaitape K20 K20 ngati ya mufoni. Nkhuku nazo zili bwino koma mutemere chideru. Chaka chamawa munda musaupatse mbewu imodzi, ikanipo nshawa, mpendadzuwa, kandolo pang'ono, amene anathira soya yekhayekha anaona mu 2023 mtengo utagwa.

FUNSO: Malume ndine mnyamata wa zaka 26 ku Mchini, ndimakonza mafoni. Ndasunga K8,000. Mnzanga wandionetsa app ina, ukaika K1,000 umalandira K100 tsiku lililonse, ndipo iye walandira kale kawiri ndaona ndi maso. Wina akuti ndigule madola. Chabwino n'chiti?

YANKHO: Mphwanga, choyamba ndikuyamike, K8,000 pa zaka 26 nthawi ino si masewera. Za app izo, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. K100 patsiku pa K1,000 ndiye kuti ndalama ikuwirikiza pa masiku 10, bizinesi yanji imeneyo, ngakhale mgodi wa kopa ku Solwezi subereka choncho. Mnzakoyo walandiradi, sakunama, koma walandira ndalama za anthu amene alowa pambuyo pake, ndipo akumupatsa dala kuti akukope iwe. Tsiku lina mudzadzuka app sikutseguka, gulu la WhatsApp admin watseka makomenti. Funsa funso limodzi, kampaniyi ili pa mndandanda wa Bank of Zambia kapena wa Securities and Exchange Commission? Akayamba kukuuza zoti ndi ya kunja siifuna laisensi, tseka foni.

Madola si bodza ngati app, koma si nkhokwe yosabooka. Boma litalephera kulipira nkhongole yake ya kunja yotchedwa Eurobond mu November 2020 kwacha inafooka mpaka kudutsa K22 pa dola, anthu anathamangira kugula, ndiye masankho a August 2021 atangotha inabwerera cha ku K16, amene anagula pamwamba anapsa manja. Kenako inafookanso mpaka cha ku K27 mu 2024. Palibe wa ku Mchini amene angakuuze kuti mawa ipita kuti, ndipo bureau yosinthira ndalama imadya pogula ndi pogulitsa pomwe. Iwe chimene umagula ndi dola ndi masikirini, mabatire ndi timapoti tochajira, ndiye dola yako ikhale imeneyo, oda zida zimene zimayenda msanga, za mafoni amene anthu a m'komboni ali nawo, osati za iPhone imodzi yodikira bwana.

Ndikanakhala iwe ndikanaigawa patatu mosalingana. Ina yokwana renti ndi chakudya cha miyezi iwiri ikhale poti utha kuitapa tsiku lomwelo mwana akadwala kapena ntchito ikaima. Ina ku zida. Yotsala, ngati sudzaifuna msanga, pita ku banki yako ukafunse za ma Treasury bill, uku ndi kukongoza boma kudzera ku Bank of Zambia, umayamba ndi K1,000, ndipo alipo a masiku 91, 182, 273 ndi 364. Phindu lake silokuthamangitsa magazi ayi, amadulapo msonkho, koma umadziwa tsiku lobweza ndi amene akubweza. Anthu amaganiza kuti ndi za mabwana a ku Lusaka, ayi, amangofuna NRC, TPIN (nambala ya msonkho) ndi akaunti. Ukafunse chiwongoladzanja cha mwezi umenewo ndi zimene banki idulepo, uyerekeze ndi fixed deposit, usasaine tsiku lomwelo.

Ndipo poti umakonza mafoni, uziwauzako makasitomala ako achikulire kuti meseji ija yoti "tumizani ndalama ija pa nambala iyi" asamaiyankhe, ndi oimba foni kuti ndife a kampani tipatseni PIN tikonze akaunti yanu. Amai ena anabwera kwa ine akunjenjemera ndalama ya village banking ya gulu lonse itapita choncho, anali msungichuma, ndipo tsiku logawana linali Loweruka lomwelo.