Abwana anandikalipira pagulu, kodi ndisiye ntchito?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Lilongwe yemwe anamaliza digiri ya zowerengera ndalama ku MUBAS. Ali m'mwezi wa 7 wa probation pa kampani ina. Mwezi watha anachedwa kutumiza PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, kampani inalipira chindapusa, ndipo abwana anamukalipira pamsonkhano anzake onse akumva. Chichokereni tsiku limenelo satsegulanso pakamwa pamsonkhano, ngakhale yankho ali nalo. Mayi ake akuti asiye ntchitoyo akachite masters kuti anthu azimupatsa ulemu.

Kalata zotere ndimazilandira kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri mumakhala kholo likukokera mwana kunyumba. Ndiyambe ndi inu amayi. Mwana wanu sanachotsedwe ntchito, anakalipiridwa basi. Mukufuna ataye malipiro, mupezenso ndalama za fizi, pamene anzake amene anavala nawo gauni akuyendabe ndi maenvulopu m'maofesi a ku City Centre? Chikondi chanu ndikuchimva, koma chikuphunzitsa mwanayu kuthawa. Masters sichotsa mantha. Akabwera nayo adzapezanso abwana ena, mwina aukali kuposa awa.

Tsopano iwe mwana wanga. Abwanawo analakwa kukukalipira pagulu, nkhani yotere imakambidwa chitseko chili chotseka. Koma nawenso unalakwa, ndipo usazembe. PAYE imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pa 25. Masiku amenewa ukanawalemba pakapepala n'kumata pakompyuta yako tsiku loyamba lomwe.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chete wakoyu. Iwe ukuona ngati ukudziteteza. Abwana akuona munthu amene walakwa kenako n'kukhala ngati alibe nazo ntchito. Lamulo la ntchito la 2000 limati probation isapitirire miyezi 12, ndiye kuti yakutsalira ikachuluka ndi 5. Ukaithera uli phee pakona, chimene adzakumbukire polemba lipoti lako ndi chindapusa chija chokha.

Lolemba m'mawa, mafoni asanayambe kulira, kagogode pa ofesi yawo uli ndi pepala limodzi m'manja. Unene mwachidule kuti unachedwa, chimene chinachititsa, ndi zimene wakonza: tsiku lotsekera payroll, tsiku loti iwo asayine, tsiku lotumizira msonkho, masiku angapo nthawi isanakwane. Usalire, usatchule dzina la mnzako amene anachedwetsa mafayilo. Ukatero uwapemphe kuti mwezi uno aone ntchito yako isanapite. Mawu anjenjemera, palibe kanthu. Wamkulu aliyense pantchito analakwitsapo, ndipo ambiri amafewa akaona mwana wabwera yekha asanaitanidwe.

Za ulemu zija, ndikuuze poyera kuti pepala la ku yunivesite linangokulowetsa pakhomo. Mu ofesi anthu amamvera munthu amene amadziwa chinthu chimodzi bwino kwambiri moti onse amathamangira kwa iye. Iwe chako chikhale misonkho yomweyi. Iwerenge, funsa mayi kapena bambo amene wakhala nthawi yaitali mu akaunti, ngakhale alibe digiri. Safunsa anadya phula. Pamsonkhano wotsatira usadikire kulimba mtima, sikubwera uli chete. Konzekera chiganizo chimodzi chokha, monga chakuti PAYE ya mwezi uno yapita pa 10, ndipo uchinene msonkhano ukangoyamba.

Sindikulonjeza kuti akulemba ntchito yokhazikika. Koma kalata yako inali yolongosoka, sunabise cholakwa chako, ndipo zimenezi zandipatsa chiyembekezo. Ngati sukulu ikukukokabe, lembetsa mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi, uziwerenga madzulo uli pantchito pomwepo. Undilemberenso pakatha miyezi 3, undiuze zimene abwana anayankha.