Kodi ndalama za gulu zipite kukakonzera pulogalamu yovotera?

FUNSO: Akulu, ndili mu gulu lina la crypto (ndalama za pa intaneti) lomwe amati DAO, ndimavota pa foni konkuno ku Chibavi. Pano akuti titape ndalama m'thumba la gulu tikonzere pulogalamu yovotera. Sikuwononga kumeneku? Wowerenga, Mzuzu

YANKHO: Ayi achimwene, sikuwononga. DAO ndi gulu la pa intaneti lomwe mamembala amaliyendetsa okha, ilibe tcheyamani, mfundo zikuluzikulu zimadutsa pa voti, ndiye kavotedwe kakakhala kobooka thumba lonse lili pachiswe. Mu Epulo 2022 wina anabwereka ma token ambirimbiri (ndalama za crypto, ukakhala ndi ambiri voti yako imalemera) kwa kanthawi kochepa, nkuvota nawo mu gulu lina lotere lotchedwa Beanstalk, nkusesa chuma cha madola pafupifupi 182 miliyoni, zonsezo malamulo a voti akumulola.

Vuto lina ndi gas fee, malipiro ogwiritsira ntchito netiweki ya crypto: kuvota pa netiweki ya Ethereum penipeni kumadya ndalama ndiye a ma token ochepa amangozisiya, olemera nkumalamula okha. Nchifukwa chake magulu ambiri amavotera pa webusaiti ya Snapshot, mwaulere, koma zomwe mwagwirizana pamenepo nthawi zambiri zimadikirabe anthu ochepa osunga makiyi a thumba la gulu kuti azichite.

Koma musangovomera. Funsani akulandira ndalamazo ndani, pulogalamu yomwe alembeyo aiunika ndani, ndipo azilipidwa pang'onopang'ono ntchito ikamaoneka, osati zonse kamodzi.