Pa ziboliboli zitatuzo, tengani Hermes wokhala pamwalayo

Achemwali, zithunzi mwatumiza zija ndaziona, za ziboliboli zitatu zamkuwa zomwe mwapeza m'shopu ya zinthu zakale ku Leeds. Mwati wogulitsayo akunena kuti zonse ndi za nthawi ya Grand Tour (maulendo a ku Italy omwe Angerezi olemera ankayenda kalelo), ndalama zanu zikukwana chimodzi chokha, ndipo mukufuna choti mukaike m'nyumba mukumanga ku Lilongwe ija. Ine ndikuti tengani Hermes, mulungu wa Agiriki akale, mnyamata wokhala pamwalayo, wa timapiko m'akakolo. Koma ndalama zisatuluke m'chikwama musanamunyamule ndi manja anu. Ziwiri zinazo sizikuyenera mtengo womwe wakuuzaniwo.

Chandiwawa kwambiri ndi cha bambo wandevu uja, wotambasula manja ngati akuponya mkondo. Anachitengera pa chiboliboli chotchuka chomwe chili ku National Archaeological Museum mumzinda wa Athens. Akatswiri mpaka lero amatsutsana ngati ndi mulungu Zeus kapena Poseidon, poti chida chomwe chinali m'dzanja lake chinatayika. Chinapangidwa cha m'ma 460 Yesu asanabadwe, kenako chinamira ndi chombo pafupi ndi Cape Artemision n'kukhala pansi pa nyanja zaka mazanamazana. Mkono wake unavuulidwa mu 1926, thupi lonse mu 1928. Ndiye mmisiri wa m'zaka za m'ma 1800 akanakopera bwanji chinthu chomwe munthu aliyense anali asanachione? Kaya wogulitsayo sakudziwa katundu wake, kaya akuyesa kuti inu simufufuza. Zoterezi zimagulitsidwa kwa alendo m'mashopu a ku Athens mpaka pano, zitapakidwa mankhwala kuti zibiriwire. Ngati mwachikonda, chiguleni pa mtengo wa chokongoletsera wamba, osati wa chinthu chakale.

Chachiwiri, chija chaima ndi mwendo umodzi chala chitaloza kumwamba, ndi Mercury, dzina lomwe Aroma ankamutchula Hermes yemweyo. Koma sichinatengedwe pa ntchito ya Agiriki kapena Aroma. Mwini wake ndi Giambologna, amene anachipanga ku Florence cha m'ma 1580, ndipo chenichenicho chili m'myuziyamu ya Bargello mumzinda momwemo. N'chokongola, sindikana. Vuto n'lakuti chinakoperedwa mochuluka zedi, ndipo zambiri si zamkuwa n'komwe koma za zinki wopakidwa utoto, womwe ogulitsa kumeneko amautchula spelter. Chanucho ndodo ya m'dzanja inachoka, ndipo pa bondo pomwe utoto wasupuka ndikuona potuwa. Chisiyeni.

Tsopano za Hermes wanuyo, amene ine ndimamukonda kuposa zonse za mtundu umenewu. Chenicheni chake chinafukulidwa mu 1758 ku Herculaneum, tauni yakale ya Aroma pafupi ndi Naples, m'nyumba yaikulu yotchedwa Villa dei Papiri, yomwe inakwiririka phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79. Pano chili m'myuziyamu ya zinthu zakale ku Naples. Hermes anali mthenga wa milungu, ndipo apa mmisiri anamugwira atangotera kuti apume. Taonani bwino mmene wakhalira: wangotsamira m'mphepete mwa mwala, dzanja limodzi latsindira pamwalapo, mwendo wina wautambasula, wina waukokera kumbuyo, msana wawerama pang'ono. Wakhala koma sanakhazikike, mphindi iliyonse adzuka. Mukapita kushopuko, mutembenuzeni muone kupanda kwa mapazi. Pa chenichenicho, zingwe zomangira timapiko zimakumana pa kaduwa komwe kali pansi pa phazi, pamalo poti munthu woyenda pansi sangapondepo bwino. N'chizindikiro choti uyu sayenda, amauluka. Amisiri osamala kaduwa kameneko sankakasiya ngakhale pa tiziboliboli tating'ono.

Dzina loti Grand Tour lisakuzunguzeni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1600 mpaka kuchiyambi kwa 1800, ana a mabanja olemera a ku England ankapita ku Italy kukaona Rome, Florence, Venice ndi Naples, ndipo pobwerera ankafuna kanthu kosonyeza kuti aphunzira. Ku Rome amisiri monga Giacomo ndi Giovanni Zoffoli, komanso Francesco Righetti amene anasindikiza mndandanda wa mitengo yake mu 1794, ankawapangira tiziboliboli tamkuwa totengera pa zikuluzikulu za m'mamyuziyamu. Ntchito za anthu amenewa n'zosowa, zimathera m'maokushoni akuluakulu, ndipo si zomwe mungazipeze pa shelefu ya shopu ya m'tauni. Zomwe zimapezeka masiku ano zambiri n'za kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, sitima zapamtunda zitafewetsa ulendo, anthu wamba nawonso atayamba kukhamukira ku Pompeii, tauni ina yomwe Vesuvius anakwirira. Pamenepo ndi pomwe Naples anatchuka. Myuziyamu inayamba kulola amisiri kutenga zikombole pa ziboliboli zenizeni, ndipo panadzuka mafakitale osungunula mkuwa: la Sabatino De Angelis, la Gennaro Chiurazzi lomwe linayamba mu 1870, ndi la Giorgio Sommer.

Pa chithunzi chanu chachitatu, kumbuyo kwa mwala, ndikuwerenga kuti Sommer Napoli. Sommer anali Mjeremani wobadwira ku Frankfurt mu 1834, anakhazikika ku Naples monga wojambula zithunzi, ndipo pambuyo pake anayamba kugulitsanso zamkuwa. Anamwalira mu 1914. Ngati dzinalo n'loona, Hermes wanu wapitirira zaka 100, ndipo anapangidwira mumzinda momwe muli chenichenicho, ndi anthu omwe ankachiona ndi maso. Mtundu wake wakudawo ukugwirizananso. Zamkuwa za ku Herculaneum zinatuluka m'nthaka zili zoderako kwambiri, pomwe za ku Pompeii zinali zobiriwira, ndipo amisiri a ku Naples ankamufunsa wogula mtundu womwe akufuna. Ntchito yawo sinali yachibwana: mpondamatiki J. Paul Getty pomanga myuziyamu yake ku Malibu, ku America, yotengera Villa dei Papiri yomweyo, anaitanitsa ziboliboli za m'munda mwake kwa Chiurazzi.

Komabe dzina lokha lisakugulitseni, chifukwa kulemba dzina n'kosavuta. Pitani ndi kamaginito ndi tochi ya pafoni. Maginito akamata, ndiye kuti ndi chitsulo chopakidwa. Akapanda kumata musasangalale msanga, poti zinki nayenso samata. Chinyamuleni: mkuwa umalemera ndipo umazizira m'manja, ukaugogoda ndi chikhadabo pamalo opyapyala umalira. Pali zina zopangidwa ndi pulasitiki wosakaniza ndi ufa wa mkuwa, izo zimapepuka, sizizizira, ndipo zimangoti phuphu. Kenako pemphani wogulitsayo kuti muone kunsi. Pomwe pakhala pakukhuzika ndi tebulo payenera kuoneka mtundu wachikasu kapena wofiirira. Pakaoneka poyera ngati siliva, ndi zinki. M'kati mwa mwalawo muyenera kukhala mwamphako, mwakuda, mokhakhala, mwina ndi totsalira ta dothi lomwe linali m'chikombole. Ngati chakhazikidwa pa mwala wa mabo, onani bawuti ndi nati yake. Zikakhala zonyezimira ngati zagulidwa dzulo, funsani chifukwa chake. Mwina anangosintha, ndipo wogulitsa wachilungamo adzanena.

Pomwe ndimataya nthawi yambiri ine ndi pa tsitsi, zala ndi nthenga za timapiko. Mkuwa ukatuluka m'chikombole ntchito imakhala isanathe. Mmisiri ankakhala pansi ndi titchizulo take n'kumadzutsa mzere uliwonse wa tsitsi, kulekanitsa zala, kusalaza polumikizira mpaka posaoneka. Zabodza zambiri amazitengera pa chotengera chinzake, ndiye zonse zimafufutika: nkhope imaoneka yotupa, zala zimamatirirana, dzina nalo limaoneka lofewa m'mbali m'malo mokhala lakuthwa. Walitsani tochi chammbali, osati molunjika, ndipo zimenezi zidzaonekera zokha. Onaninso mtundu wake. Wa zaka zambiri sufanana paliponse, umayera pang'ono pa mawondo, pamphuno ndi paphewa pomwe manja akhala akugwira, n'kuda m'makona. Wobiriwira wofanana thupi lonse, kapena wotsalira pa chala mukapukuta, ndi wa posachedwa.

Zonsezi zikakhala bwino, nenererani mtengo, kumeneko n'kololedwa ndipo amayembekezera. Timapiko tikakhala towotcherera kapena kamodzi katachoka, mtengo utsike. Musanapite, fufuzani pa intaneti zotsatira za maokushoni a ku Britain, muone zomwe Hermes wa Sommer wa msinkhu womwewo anagulidwa. Yang'anani mtengo womwe chinapita nawo, osati womwe ogulitsa akupempha, ndipo kumbukirani kuti ku okushoni amawonjezerapo gawo lawo, nthawi zambiri pafupifupi kota ya mtengowo. Chofunika kwambiri, auzeni alembe pa lisiti kuti ndi mkuwa, wopanga ndi ndani, ndiponso zaka zake. Akayamba kuzemba kulemba zomwe wanena pakamwa, mwapeza yankho. Ndipo wina aliyense akadzakuuzani kuti ali ndi chenicheni chofukulidwa ku Pompeii, chokanipo. Mwina n'chabodza, mwina n'chobedwa, ndipo malamulo a Italy ndi Greece pa zimenezi ndi okhwima.

Chikafika kunyumba, ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: aliyense asachikweche. Ife tinakula tikukwecha mapoto ndi phulusa ndi mchenga mpaka kudziona nkhope, ndipo tsiku lina mwana wakhama kapena wothandiza m'nyumba adzafuna kukusangalatsani ndi Brasso ndi sitiliwulu. Khungu lakudalo ndi gawo la ntchito ya mmisiri, ndipo likachoka silibwerera, mtengo nawo umagwa. Mandimu, viniga ndi sopo wa ufa, zonse ayi. Fumbi muzichotsa ndi kabulashi kofewa. Kamodzi pachaka pakani phula pang'ono zedi n'kupukuta ndi kansalu. Gulani kachitini ka Renaissance Wax muli komweko, ndi lomwe osamala zinthu za m'mamyuziyamu amagwiritsa ntchito, ndipo kamodzi kamakhalitsa. Nthawi ya dzinja kwathu kumakhala chinyezi, ndiye muzichiyendera. Mukaona timadontho ta ufa wobiriwira motuwa, tomwe timabwereranso mukapukuta, dziwani kuti mchere ukudya mkuwawo. Chiikeni pouma, kutali ndi zenera ndi khoma latsopano lomwe simenti yake isanaumitsitse, ndipo funsani akatswiri musanachithire kalikonse. Ponyamula, kulungani timapiko ndi akakolo paokha, chifukwa ndi pomwe pamathyoka, ndipo lisiti likhale pafupi pofika pa Kamuzu International Airport.

Mwatchulanso kuti amayi angadandaule kuti mwabweretsa fano m'nyumba. Nkhawa yawo musaipeputse. Auzeni zoona: chinapangidwa ngati chikumbutso cha alendo, patapita zaka zoposa 1,000 anthu atasiya kupembedza milungu imeneyi, ndipo palibe anachigwadirapo. Poti amawerenga Baibulo, akumbutseni za pa Machitidwe 14, pomwe anthu a ku Lystra anayesa Paulo kuti ndi Hermes chifukwa ndiye ankatsogolera kulankhula. Ndi yemweyu. Koma dziwaninso kuti mnyamatayu sanavale, ndipo pabalaza pamafika apongozi ndi akumpingo. Ndikanakhala ine, ndikanamuika pa shelefu ya mabuku m'chipinda chowerengera, pamsinkhu wa maso, kuwala kukumufika chammbali kuti msana wowerama uja uzioneka.

Mukapitako Loweruka, jambulani kunsi kwake, dzinalo pafupi, ndi mapaziwo, mutumize muno tione limodzi musanalipire.