Malume, za fulati yolowera ndi chala ija

Malume, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha. Uthenga wanu ndinauona masana ndili kuntchito, ndiye ndinati ndifike kaye pakhomo ndilankhule bwinobwino, zolemba sizikanakwana. Mwafunsa za fulati imene msuweni wangayu waipeza ku Braamfontein, imene akuti kulibe makiyi, munthu amalowa ndi chala, magetsi ndi madzi amagula pa foni, ndiye inu mukuti kodi zimenezi n'zodalirika, mwana wamkazi angakhale bwino mmenemo? Ine ndakhala m'nyumba yoteroyo kuno ku Johannesburg kuyambira 2022, ndiye ndikuuzani zimene ndaona ndi maso angawa.

Poyamba ndikukhazikeni mtima pansi. Sikuti mwanayo akunamizidwa ayi. Nyumba zosanja zambiri za m'tauni muno n'zotero masiku ano, makamaka kumene kuli ana asukulu ngati ku Braamfontein kuja, pafupi ndi yunivesite ya Wits. Tsiku lolowa amakutengera ku ofesi, umaika chala pa kagalasi kofiira katatu, makina aja amachisunga. Basi kuyambira pamenepo ukafika pageti pali zitsulo zozungulira zija, zolowa mmodzimmodzi, ukaika chala zimalira kuti tii, nyali yobiriwira n'kuyaka, iwe n'kudutsa. Munthu wongoyenda mumsewu sangalowe. Ine kumene ndinkakhala kale, kiyi wapageti anali ndi aliyense, ngakhale anthu amene anasamuka kalekale, ndipo zovala pachingwe zinkasowa. Kuno sindinaberedwepo kanthu. Pa zimenezo, Malume, ndikuyamikira, ndipo kwa mtsikana wobwera usiku kuchokera ku laibulale ndi chinthu chabwino ndithu.

Koma pali zinthu zimene amakubisira tsiku lokuonetsa nyumba, ndipo ndi zimenezo ndikufuna mumve.

Tsiku lina mu July, nyengo yozizira kuno, ndinafika pageti cha m'ma 9 koloko usiku. Mukudziwa ntchito yanga ndi ya m'khitchini, manja amakhala m'madzi ndi m'sopo tsiku lonse, ndiye khungu la zala linali litang'ambikang'ambika. Ndinaika chala, nyali yofiira. Ndinapukuta pa jekete, ndinachiuzira mpweya kuti chifunde, ndinaikanso, yofiira. Majumbo awiri ali pansi, mphepo ikuwomba, kumbuyo kwanga anthu ayamba kundandana. Mlonda akundidziwa, timapatsana moni tsiku lililonse, koma akuti mayi, ine sindingatsegule, kompyuta imalemba aliyense wodutsa, ndikatsegula ndekha mawa ndifunsidwa. Tinaimbira woyang'anira nyumba, foni sinayankhidwe mpaka kachitatu. Ndinaima panja pafupifupi ola lathunthu, pakhomo pamene ndimalipira lendi. Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti alembetse zala ziwiri kapena zitatu, za manja onse awiri, ndipo afunse ngati pali khadi kapena nambala yolowera chala chikakana. Asachite manyazi kufunsa zimenezo.

Nkhani yaikulu kuposa pamenepo ndi ya lendi. Malume, kale landilodi akafuna kukutsekera kunja ankayenera kubwera yekha ndi loko, anthu akuona, iwe n'kumuchonderera pamaso. Pano munthu ali mu ofesi kutali amangodina pa kompyuta, chala chako n'kufufutidwa. Mnzanga wa pa nsanja yathu, mayi wa ana awiri, malipiro ake anachedwa mwezi wina. Pa 8 anabwera ndi ana kuchokera kusukulu, geti n'kumukana. Kamwana kakang'ono kankangoyesa kuika kachala kake pagalasipo kuti mwina iko kawatsegulira. Ine zinandipweteka kwambiri. Ndipo chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti zimenezo n'zoletsedwa. Kuno kuli lamulo la nyumba za lendi, Rental Housing Act ya 1999, komanso lina la 1998 loletsa kuchotsa munthu m'nyumba popanda chilolezo cha khoti. Kaya watseka ndi loko, kaya watseka ndi kompyuta, kumutsekera munthu kunja kapena kumudulira magetsi chifukwa cha ngongole popanda khoti ndi mlandu womwewo. Kuli bwalo lotchedwa Rental Housing Tribunal, chigawo chilichonse chili ndi lake, lathu ndi la Gauteng, ndipo kukadandaula kumeneko salipiritsa. Mayi uja atangotchula bwaloli mu kalata, chala chake chinabwezeretsedwa tsiku lotsatira. Ndiye mwanayo adziwe dzina limeneli asanalowe n'komwe. Inunso kumeneko, ndalama ya lendi muzitumiza masiku angapo mwezi usanathe, chifukwa makina samva zoti ndalama ili m'njira.

Za magetsi, n'zofanana ndi mayunitsi a ESCOM amene mumagula kwanuko, manambala 20 aja olowetsa mu mita. Kusiyana kwake n'kwakuti m'mafulati ambiri mita si ya makampani a magetsi a kuno, City Power kapena Eskom, mwachindunji, ndi ya kampani ina imene landilodi anagwirizana nayo, ndipo iwo amadulapo yawo pa ndalama iliyonse imene wagula. Ndiye ukagula a R200 sikuti yonseyo yapita ku magetsi ayi. Afunse kuti pa R100 amapeza mayunitsi angati, ndipo afunse kwa munthu wokhala momwemo, osati wa mu ofesi. Chimene chimadya kwambiri ndi giza yotenthetsa madzi ndi hita nthawi yozizira. Ine giza ndimayatsa ola limodzi m'mawa basi. Ubwino wake pa foni umaona mmene mayunitsi akutsikira, sudikira bilu yodzidzimutsa kumapeto kwa mwezi. Mwina mukukumbukira chaka cha 2024 pamene mamita onsewa ankafunika kulowetsedwa manambala atsopano pasanafike pa 24 November. Chifukwa chake chinali chakuti tokeni iliyonse imanyamula chiwerengero cha mphindi kuyambira mu 1993, ndiye malo owerengera aja anali atadzaza. Kuno anthu anaima pamizere italiitali masiku omaliza. M'nyumba yathu ena anagula tokeni n'kukana kulowa, osadziwa kuti afunse ndani, chifukwa mita ndi ya kampani ina, nyumba ndi ya kampani ina. Ndiye atenge nambala ya eni mita pa tsiku loyamba.

Tsopano chimene ine chimandisowetsa tulo, ndipo ndikupemphani muchimvetsetse, ndi nkhani ya kuzima kwa magetsi ndi moto. Mu 2023 kuno magetsi ankazima tsiku ndi tsiku, kuzimako kukafika pa mlingo waukulu umene amati Stage 6 munkatha kukhala mumdima maola ambirimbiri pa tsiku. Zitseko zimenezi zambiri zimagwidwa ndi maginito amene amafuna magetsi, ndipo pamakhala batire yothandizira. Koma batire ikamazimirazimira osadzaza bwino imafa msanga. Yathu itafa, chitseko chakumbuyo chinkangokhala chotseguka magetsi akazima, aliyense akanatha kulowa. Atadandaula anthu, wina anabweretsa tcheni ndi loko n'kumanga chitsekocho, chomwe ndi chothawira pangozi. Ine ndinakana, ndinapita ku ofesi kawiri mpaka anachotsa n'kugula batire ina. Ndinalimba mtima chifukwa cha moto wa pa nyumba yosanja ya Usindiso uja, ku Marshalltown m'tauni muno, pa 31 August 2023, umene unapha anthu oposa 70, ena mwa iwo a kwathu ku Malawi. Nyumba ijayo inalibe makina awa, inali yongolandidwa ndi anthu, koma opulumuka ananena kuti anthu anapanikizana pageti lokhoma akusowa potulukira. Kuyambira pamenepo ndikalowa m'nyumba iliyonse yosanja maso anga amayamba afuna potulukira.

Ndiye akapita kukaona, ayang'ane pambali pa chitseko chilichonse cha maginito, mkati mwake. Payenera kukhala kabokosi kobiriwira koti ukakadina kapena kuswa kagalasi kake chitseko chimatseguka pompo, popanda chala, popanda foni. Atsike pa masitepe othawira moto kuchokera pa nsanja yake mpaka pansi, ndi miyendo yake, aone ngati kumapeto kulibe tcheni. Chikepe asachiwerengere, moto ukabuka sichikweredwa. Akapeza tcheni, Malume, nyumbayo aisiye ngakhale ikhale yokongola chotani.

Munafunsanso ngati chala chake sichingagwiritsidwe ntchito zina. Funso limenelo ndi labwino. Kuno kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu, amalitcha POPIA, linayamba kugwira ntchito mokwanira mu July 2021, ndipo zidindo za zala limaziika m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera. Ayenera kumuuza chifukwa chimene akutengera, ndipo sayenera kusunga mpaka kalekale ntchito yake itatha. Tsiku losamuka alembe kalata yopempha kuti afufute, asunge kope lake. Koma adziwenso kuti makinawo amalemba nthawi imene watuluka ndi imene walowa, tsiku lililonse, kuphatikizapo makamera a m'makonde. Ena zimawasowetsa mtendere, ine ndinazolowera, koma ndi bwino alowe akudziwa.

Za alendo ndingonena mwachidule. Mlendo amasiya chiphaso pageti, wokhala m'fulatiyo amatsika kudzamutenga, ndipo kwathu kuno akagona pamakhala ndalama yolipira. Inu mukadzabwera kudzamuona musadzadabwe, ndipo musadzaganize kuti mwana wakuchitirani mwano.

Ndiye yankho langa ndi lakuti atha kulowa, ine sindikuletsa, bola zinthu zitatu izi zikhale bwino: njira ina yolowera chala chikakana, potulukira moto popanda tcheni, ndi pepala la mgwirizano lopanda mawu oti akachedwa lendi adzamutsekera geti. Pepalalo asasaine pa foni mothamanga ngakhale amuuze kuti pali ena akuifuna fulatiyo. Anditumizire lero lomwe ndiliwerenge usiku uno. Loweruka sindikugwira ntchito, ndikwera takisi ndikakumane naye ku Braamfontein cha m'ma 10, masitepe aja tikatsike limodzi, ndipo ndikacheze ndi mlonda wa pamenepo, chifukwa alonda ndi amene amadziwa ngati batire imagwira. Dipoziti musatumize kaye mpaka ndikuimbireni Loweruka madzulo. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.